Bambo akufuna udokotala, mwana akufuna nyenyezi zophimbana

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Dedza yemwe wangolandira kumene zotsatira za MSCE. Ndaidula chifukwa inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu:

"Anti, ndapeza mapointi 10, masamu ndi fizikisi ndili ndi 1. Kuyambira fomu 2 ndimakonda za nyenyezi, makamaka zija amati eclipsing binary ndi zina zomwe kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pazokha. Ndimaonera ma video ake pa YouTube mpaka bandulo kutha. Ndikufuna ndidzagwire ntchito ku NASA. Koma bambo akuti pa fomu ya NCHE ndiyambe ndi udokotala, akuti nyenyezi sizidyedwa ndipo fizikisi mathero ake ndi choko. Panopa m'nyumba sitikuyankhulana bwinobwino. Nditani?"

Makalata otere ndimalandira chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka, kholo lagwira KUHeS, yunivesite ya udokotala ija, mwana wagwira chinthu chomwe anaona pa foni, ndipo ukafunsitsa umapeza kuti onse awiri palibe yemwe anakhala pansi kufufuza. Ndiye ndikuyankhani nonse, kuyambira iwe mwana wanga, ndipo upirire chifukwa sindikusisita.

Za NASA zo yamba waziika pambali. NASA ndi nthambi ya boma la America ndipo ntchito zake za boma zimafuna nzika za dzikolo. Komanso anthu ambiri omwe amafufuza nyenyezi ukunenazi sali ku NASA n'komwe, ali m'mayunivesite ndi kuma observatory, malo oonerako nyenyezi, ena pompa pa South Africa pomwe anthu akwanu amapita pa basi.

Chachiwiri, kuonera video sikukonda phunziro ayi. Video amaipanga kuti isangalatse, amaika nyimbo ndi zithunzi zamitundumitundu, pomwe ntchito yeniyeniyo ndi manambala okhaokha. Ndikuonetse.

Kuli nyenyezi ina dzina lake Algol. Ukaiyang'ana ndi maso imaoneka imodzi, koma pakatha masiku awiri ndi maola pafupifupi 21 imazilala, n'kubwereranso mwakale, zonsezi m'maola ngati 10. Mu 1783 mnyamata wina wa ku England, John Goodricke, wogontha, ali ndi zaka 18 ngati iwe, anayeza nthawi imeneyi ndi maso ake basi n'kunena kuti mwina pali chinthu chomwe chimaizungulira n'kumaiphimba. Analondola. Ndi kadamsana, kungoti wa nyenyezi ndi inzake, ndipo ndiyo eclipsing binary ukunenayo. Tsono chomwe akatswiri amazikondera nyenyezi zophimbanazi sikukongola ayi, koma kuti nyenyezi sungaiike pa sikelo ngati thumba la chimanga, ndiye ukapeza ziwiri zikuzungulirana n'kumaphimbana wapeza sikelo. Umayeza kuti kuwala kwatsika bwanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji, zimenezo zimakuuza kukula kwa iliyonse, kenako umayeza liwiro lomwe iliyonse ikuyendera pogwiritsa ntchito spectrum yake, kutanthauza kuwala kwake kukamwazidwa m'mitundu ngati utawaleza, ukaphatikiza ndi malamulo a Kepler ndi Newton umapeza kulemera kwake, ndipo ukaigwira bwino ntchitoyo umaphonya ndi 1 kapena 2 pa 100 yokha. Zambiri zomwe anthu amadziwa za kulemera kwa nyenyezi zinachokera mmenemu.

Zinazo, zomwe wati zimakwera ndi kutsika pazokha, palibe chimaziphimba, zimachita kufufuma ndi kufota. Mkati mwake muli gawo la mpweya wa helium lomwe likatentha kwambiri limatsekereza kutentha kuti kusatuluke, nyenyezi imafufuma, ikafufuma mpweya uja umazizirako n'kulola kutentha kudutsa, nyenyezi n'kufota, kenako kuyambiranso. Unaphikapo nyemba ndi chivundikiro chopepuka, chija chimangodumphadumpha nthunzi ikadzaza? Ndi zomwezo. Zina zimatenga masiku, monga Delta Cephei masiku 5 ndi maola ngati 9, pomwe Mira imatenga pafupifupi miyezi 11.

Apa ndiye tchera khutu. Mu 1912 mayi wina, Henrietta Leavitt, anaonetsa pogwiritsa ntchito nyenyezi 25 za mtundu wa Delta Cephei ija, zotchedwa Cepheid, za mu Small Magellanic Cloud, kamtambo koyera kaja kamaoneka kum'mwera usiku wopanda mwezi, kuti nyenyezi yomwe imatenga nthawi yaitali kufufuma ndi kufota ndi yomwenso imawala kwambiri. Zimenezi zinasanduka chingwe choyezera mtunda, moti Edwin Hubble atapeza Cepheid mu Andromeda mu 1923 anatha kuonetsa kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina pawokha, kutali ndi wathuwu. Koma mayiyu ntchito imeneyi sanaigwirire pa telesikopu. Zithunzi zinkajambulidwa ku Peru pa magalasi, iye ali pa desiki ku Harvard kumayeza timadontho takuda kamodzikamodzi, zaka ndi zaka. Ntchito yake ndi imeneyo mpaka lero, kungoti magalasi aja asanduka mafayilo a pa kompyuta. Ngati ukuganiza kuti uzidzakhala panja usiku uliwonse diso lili pa telesikopu, iwala. Uzidzakhala mu ofesi kulimbana ndi pulogalamu yomwe yakana kuyenda chifukwa unaiwala kachizindikiro kamodzi pa mzere wa 200.

Koma mbali yomweyi ndi yomwe imandipatsa chiyembekezo kwa mwana wa ku Dedza. Setilaiti ya TESS, yomwe inaponyedwa mu 2018, imayang'ana chigawo chimodzi cha thambo kwa masiku pafupifupi 27 kenako n'kusunthira china, ndipo zomwe imayeza zimaikidwa pa intaneti, pamalo otchedwa MAST, aliyense amatenga ulere. Zomwe akutenga pulofesa wa ku Cambridge ndi zomwenso ungatenge iwe ndi laputopu ya kaunjika. Chofunika ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo pali kapulogalamu kotchedwa Lightkurve komwe ndi mizere yowerengeka kamakujambulira light curve, graph ya mmene kuwala kukukwerera ndi kutsika, ya nyenyezi yomwe wasankha. Bandulo yomwe ukuthera ma video ija ikanakuphunzitsa kale Python yoyambira.

Ndiye ndikupatsa ntchito, yosafuna ndalama. Ika pa foni Stellarium, kapulogalamu kosonyeza pomwe nyenyezi iliyonse ili. Mwezi wa Okutobala dzuwa likangolowa, kumpoto chakumadzulo kuli nyenyezi yowala kwambiri, Vega, ndipo pafupi pake pali ziwiri zoyandikana, Beta Lyrae ndi Gamma Lyrae. Gamma uikhulupirire ngati muyezo, Beta ndi nyenyezi zophimbana zomwe zimamaliza ulendo wake m'masiku pafupifupi 13. Usiku uliwonse tuluka, dikira mphindi 10 maso azolowere mdima, osayang'ana foni, ndipo ulembe mu kope tsiku, nthawi, komanso ngati Beta ikufanana ndi Gamma, yazilala pang'ono kapena yazilala kwambiri. Utsi wa tchire lomwe akutentha ukusokoneza masiku ena, udzudzu ukuluma, amayi akufunsa kuti ukutani kuseri kwa khola usiku ngati mfiti, iwe uzingolemba. Magetsi akazima ndiye mwayi wako. Bungwe la AAVSO, la anthu oyeza nyenyezi zosinthasintha kuwala, lakhala likulandira zoyeza za anthu wamba ngati zimenezi kuyambira 1911, ndiye si masewera ayi.

Ntchito yomweyi ndinampatsa mnyamata wina zaka zapitazo yemwe ankalumbira kuti moyo wake ndi nyenyezi. Anabwera ndi kope lolembedwa masiku 4. Akuti kunkazizira. Panopa ali pa kosi yachitatu yosiyana, iliyonse amati ndiye maloto ake, ndipo amayi ake anagulitsa kale mbuzi zonse. Zimenezi ndi zomwe zimandikwiyitsa ndi ana inu, mumafuna kholo likulemekezeni pa chinthu chomwe inuyo simunachivutikirepo olo mwezi umodzi.

Ukapirira milungu 6 n'kuona kuti ukadali ndi chidwi, njira yake ndi iyi, ndipo ndi yomwe ine ndimaikhulupirira. Usatanganidwe kufunafuna digiri yolembedwa kuti astronomy. Tenga digiri ya sayansi yodzaza ndi fizikisi ndi masamu, monga ya ku UNIMA ku Zomba, zaka 4, ndipo uikhoze bwino zedi, osati kungodutsa, chifukwa a sikolashipu chomwe amayamba kuona ndi magiredi. Kosi iliyonse ya programming ndi statistics yomwe ungaipeze uitenge. Ukafika chaka chomaliza pempha kuti pulojekiti yako ikhale ya light curve ya nyenyezi imodzi ya TESS, ndipo ngati palibe lekichala wa zimenezo lembera imelo munthu wa kunja yemwe analembapo za nyenyezi yomweyo, ambiri amayankha akaona kuti wayamba kale wekha osati ukungopempha ndalama.

Ukamaliza pali makomo awiri omwe ndimawauza ana anga. Loyamba ndi AIMS, sukulu ya masamu yomwe inayamba mu 2003 ku Muizenberg, Cape Town, panopa ilinso ku Ghana, Senegal, Cameroon ndi Rwanda, masters yake ndi ya chaka chimodzi ndipo akakutenga amakulipirira zonse. Lachiwiri ndi NASSP, pulogalamu ya honours ndi masters ya astrophysics yomwe nayo inayamba mu 2003 ku University of Cape Town, amatenga ndi ana a mayiko ena a mu Africa koma ndalama za obwera kuchokera kunja zimakhala zochepa, mpikisano wake ndi woopsa. Ndipo South Africa pa nkhani ya nyenyezi zosinthasintha si achibwana. Ku Sutherland kuli SALT, telesikopu yaikulu yomwe inatsegulidwa mu 2005, ya magalasi 91 olumikizana. Koma ine nkhani yomwe ndimaikonda ndi ya Donald Kurtz, yemwe mu 1978 ali konko, ndi katelesikopu ka theka la mita kokha, anapeza kuti nyenyezi ya Przybylski imagunda, kuwala kwake kumakwera ndi kutsika, mphindi 12 zilizonse, ndipo apo ndi pomwe panayambira gulu latsopano la nyenyezi zomwe amazitcha roAp.

Tsono tiwerenge zaka. Digiri 4, honours ndi masters 2 kapena 3, PhD 3 kapena 4. Zaka pafupifupi 10 zimenezo, ngati sunabwereze kalikonse ndipo yunivesite sinatsekedwe pakati. Uli ndi zaka 28 kapena kuposa, anzako a unamwino anayamba kalekale kulandira. Ukatero umalowa ma contract a zaka 2 kapena 3, lero dziko ili mawa lina, ndipo ntchito zokhazikika za astronomy ndi zochepa dziko lonse lapansi, ambiri a PhD amathera kuma banki ndi kumakampani a data. Uziwonjezerapo kuti Malawi sali pa mayiko 8 a mu Africa omwe anagwirizana ndi South Africa pa telesikopu yaikulu ya wailesi yotchedwa SKA, pomwe Zambia ndi Mozambique alipo, ndiye masikolashipu ena uzidzangowaona akudutsa. Maliro ndi maukwati ambiri a kwanu uzidzaonera pa WhatsApp. Ngati zimenezi sunaziganizirepo, bambo ako akuganiza kuposa iwe.

Tsopano inu bambo. Mantha anu ndikuwamvetsa, mwalipira fizi movutikira, kumbuyoku kuli azing'ono ake, ndipo mwana wa mapointi 10 sabadwa kawiri pa banja. Koma ndikufunseni mwaulemu, mukati fizikisi mathero ake ndi choko, 1 wa mwana wanuyu anamuphunzitsa ndani? Si munthu wa choko yemweyo? Komanso sizoona kuti mathero ndi amenewo okha. Makina a radiotherapy ochizira khansa sayenda popanda medical physicist, a zanyengo amafuna anthu a fizikisi, ndipo munthu wodziwa masamu ndi Python amene angathe kutulutsa kugunda kwa nyenyezi m'manambala 20,000 osokonekera, a banki ndi amakampani a foni samusiya akuyenda wapansi. Mwana akalephera kufika ku nyenyeziko amagwera pamenepo, sikugwera pa mwala ayi.

Ndipo udokotala musamauone ngati galimoto yoti mungomukwezamo mwana n'kutseka chitseko. Ndi sukulu yaitali yowawa, ya mitembo, magazi ndi kugona m'wodi, ndipo ndakhalapo ndi ana mu ofesi mwanga omwe analowa chifukwa cha bambo, chaka chachiwiri awachotsa, kunyumba akuopa kunena, akungozungulira mu Blantyre kunamizira kuti ali pa sukulu. Mukufuna dzina loti bambo a dokotala, chabwino, koma mayeso akalemba ndi iyeyo. Kusiya kumuyankhula mwana chifukwa cha fomu ya NCHE ndi chinthu chochititsa manyazi kwa munthu wamkulu, pepani kunena. Khalani naye pansi, akuonetseni kope lake, mumufunse mafunso ovuta onse omwe mukufuna, akalephera kuyankha ndiye muli ndi poyambira.

Iwe mwana wanga, ndi magiredi amenewa mutu uli nawo, zimenezo sindikukayika, chomwe sindinaone ndi khama lako pa chinthu chotopetsa. Fomu isanatsekedwe ukhale utayamba kale kope lija, ndipo ngati usankha fizikisi uiike pamwamba ndi mtima wonse, osati kuibisa pansi kuti bambo asaone. Vega ikamalowa msanga mu Novembala usamukire kwa Algol, idzakhala ikuoneka kumpoto chakum'mawa madzulo, kungoti mvula idzakhala yayamba ndiye masiku a mitambo uzilemba kuti mitambo, osadumpha mzere. Milungu 6 ikakwana ujambule masamba onse unditumizire, pamodzi ndi ka graph kolemba pamanja kosonyeza masiku omwe Beta Lyrae inazilala.