Musanalipire thiraki, funsani za GPS

Achemwali, mwafunsa kuti ife oyenda pakati pa Lusaka ndi Lilongwe timadziwa bwanji za mabelo athu poti sitikwera nawo m'thiraki. Musanapereke ndalama kwa wonyamula katundu, mufunseni ngati galimoto yake ili ndi GPS, kachipangizo kosonyeza pamene galimoto ili, ndipo akulumikizeni kuti muziiona pafoni panu. Akayamba kuzungulirazungulira, pezani wina.

Timasonkha angapo n'kubwereka thiraki imodzi, aliyense n'kulemba dzina pamatumba ake. Pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, zinthu zinapepuka chitsegulireni ofesi yogwirira pamodzi mayiko awiriwa mu 2022, ndipo katundu wosapitirira madola 2,000, ngati ali pamndandanda wa amalonda ang'onoang'ono wa COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a m'chigawo chino, fomu yake ndi yachidule. Zimenezo muzolowera msanga. Mtima umakhala m'mwamba chifukwa cha msewu.

Kuchoka ku Chipata kufika kuno ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500. Pafoni mumaona kadontho kakuyenda, liwiro lake, ndi pamene galimoto yaima. Ine maso ndimatong'ola ikangodutsa Nyimba, chifukwa kutsogoloko kuli mlatho wa Luangwa ndi mapiri okhotakhota aja a Manenekera, kumene thiraki yolemera ikathamanga mabuleki amatentha. Dalaivala wodziwa kuti bwana akuona liwiro sapondaponda mafuta pamtsetse. Nawonso a RTSA, bungwe loona za pamsewu kuno ku Zambia, amalondola mabasi a maulendo ataliatali m'njira yomweyi. Koma kumeneko netiweki imavuta: kadontho kamangoti zii malo amodzi, kenako n'kudzatulukira kutsogolo. Musayambe kuimbira dalaivala ali pakona. Ndipotu amalonda enafe ndi amene timawathamangitsa anthuwa ndi mafoni a "fulumirani, kasitomala akudikira".

Phindu lina lili m'tauni muno. Thiraki ikafika ku Chongwe m'mamawa, timagwirizana kuti iyambe yaima, dalaivala amwe tiyi. Kulowa Great East Road nthawi imene aliyense akuthamangira kuntchito n'kungowotcha dizilo pamzere, kuyambira ku Chelstone mpaka ku Manda Hill, utsi wakuda uli tolotolo pankhope za ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi ana opita kusukulu. Dizilo ameneyo amalowa pamtengo wa belo lanu. Chimodzimodzi Canter, thiraki yaing'ono yodzatenga katundu kupita naye ku Kamwala kapena ku COMESA Market: kale inkafika molawirira n'kutsekereza msewu, injini ili chilirire. Pano ndimaiitana ndikaona kuti thiraki yayandikira potsitsira, pamodzi ndi anyamata a mawilibala.

Wonyamula wa GPS amatchaja mokwererapo, zimenezo musadabwe nazo. Pokambirana mtengo mufunsenso kuti usiku thiraki imagona pati, komanso ndani amayang'ana kadonthoko inu mukagona.