Achimwene, musanafune chogwirira cha mnyanga, yambani mwamvetsa za zipolopolo zisanuzo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mnzanu wa kuntchito anakutengani kokawombera chandamale, nakugwiritsani kavolovolo ka makawuboyi kaja kofuna kukoka hamala ndi chala chachikulu nthawi iliyonse musanawombe, ndiye mtima wanu wakanirira pomwepo. Pa shopu ya pinyolo mwapezapo ziwiri, Uberti ya .45 Colt ndi Ruger yakale ya .22 (Uberti ndi Ruger ndi makampani opanga mfuti, manambalawo ndi kukula kwa chipolopolo), ndipo mukufuna kudziwa yoti mugule, chifukwa chimene wogulitsa wanenera kuti muziika zipolopolo zisanu pamene mabowo alipo 6, komanso komwe mungapeze chogwirira cha mnyanga wa njovu ndi munthu wofewetsa tiriga. Ine ndili ku Texas kuno, ndipo mfuti zamtunduwu ndakhala nazo zaka zoposa khumi. Mundipirire, nditalikitsa.

Ndiyambe ndi mapepala anu, ngakhale simunafunse, chifukwa m'gulu lathu lino la a Malawi okhala ku America tilimo anthu a maviza osiyanasiyana. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu amene analowa ndi viza ya kanthawi, kaya ya sukulu, ya ntchito kapena yodzacheza, kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo. Pali timipata tochepa, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama imene isanathe ntchito, koma popanda zimenezo ngakhale kubwereka mfuti kumalo owombera kungakuikeni m'madzi otentha. Wa green card ndi nzika amaloledwa ngati alibe mlandu womuletsa. Kwa wogulitsa wa laisensi, mfuti ya m'manja imafuna zaka 21, mumalemba fomu ya boma yotchedwa Form 4473, iye nkufufuza dzina lanu ku NICS, njira ya apolisi a FBI yoonera ngati munthu ndi wololedwa kugula mfuti. Kunama pa fomuyo ndi mlandu waukulu, ndipo kutuma mnzanu kuti akugulireni m'dzina lake ndi mlandu wa nonse awiri. Malamulo a state yanu nawonso muwafufuze, chifukwa za ku Texas si za ku New Jersey.

Tsopano za zisanuzo. Wogulitsayo wakuuzani zoona, ndipo mwa zonse ndilembe pano, ichi ndiye ndikufuna mugone nacho.

Kholo la mfuti zonsezi ndi Colt Single Action Army, imene asilikali a America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1873, yopangidwa ku Hartford, Connecticut. Pa mfuti imeneyo kamsomali koboola chipolopolo kali pa hamala penipeni. Mukatsitsa hamala mpaka pansi, kamsomaliko kamatulukira kutsogolo nkukhala kotsamira pa primer, kabatani kaja kali pakati pa thako la chipolopolo. Ndiye taganizani: mfuti yapulumuka m'chimake mukuwerama, yagwa chagada, hamala yamenya simenti. Palibe wakhudza tiriga, koma yalira, ndipo payipi nthawi imeneyo imakhala italoza m'mwamba, kumene kuli inuyo. Pali kampata koyamba pa hamala kamene a Colt anakakonza ngati kotetezera, koma chitsulo chake nchopyapyala, chimatha kubenthuka ndi kugwa kumodzi. Nchifukwa chake anthu akale anaphunzira kusiya bowo limodzi lopanda kanthu pansi pa hamala.

Kachitidwe kake nkotere, payipi italoza kumalo kopanda munthu, chala chili kutali ndi tiriga. Kokani hamala mpaka imveke kachiwiri kuti khe, apo silinda, chitsulo chija cha mabowo a zipolopolo, imamasuka nkumazungulira. Tsegulani kachitseko ka kudzanja lamanja. Ikani chimodzi, dumphani bowo limodzi, ikani zinayi motsatana, tsekani kachitseko. Kenako kokani hamala mpaka kumapeto, igwireni ndi chala chachikulu, khudzani tiriga nkuitsitsa pang'onopang'ono. Mukatsata bwino, hamala imagwera pa bowo lopanda kanthu lija. Musakhulupirire kuwerenga kokha. Pendeketsani mfuti, suzumirani cham'mbali pa kampata ka kumbuyo kwa silinda, muone ndi maso kuti pamwamba sipakuoneka mkuwa. Izi muyesere ndi zipolopolo zabodza zija amati snap caps, madzulo angapo, mpaka zala zizolowere, musanagwire chipolopolo chenicheni. Ku mpikisano wa Single Action Shooting Society, bungwe limene linayamba mu 1987, aliyense amaika zisanu, kaya mfuti yake ndi yamakono chotani, ndipo pamakhala tebulo lake pomwe wina amakuyang'anirani mukamaika.

Uberti mwaionayo ndi yotengera Colt yomweyo. Kampaniyo anaiyambitsa Aldo Uberti mu 1959 ku Gardone Val Trompia, chigawo cha Brescia ku Italy, ndipo amapanga mfuti zokongola ndithu. Zina zaposachedwa anaziika njira zotetezera, koma mitundu yake ndi yambiri, choncho ine iliyonse yotengera Colt ndimaiika zisanu basi.

Ruger yakaleyo ndiye mubwerereko mukaione bwino. A Ruger anatulutsa Single-Six ya .22 mu 1953, nthawi imene mafilimu a makawuboyi anali pakamwa pa aliyense koma a Colt atasiya kupanga yawo, ndipo Blackhawk inatsatira mu 1955. Zonsezo poyamba zinali ndi vuto lomwe lija. Mu 1973 ndi pamene anasintha nkuikamo kachitsulo kotchedwa transfer bar. Kameneko kamakwera pakati pa hamala ndi kamsomali pokhapokha tiriga ikakokedwa mpaka kumbuyo, ndiye mfuti ikagwa hamala imamenya fulemu, thupi la mfutiyo, osafika pa chipolopolo. Kuzisiyanitsa nkosavuta. Yakale ili ndi masikuluu atatu m'mbali mwa fulemu, ndipo anthu amangoitchula kuti three-screw. Yatsopano ili ndi mapini awiri, inalembedwa kuti New Model, ndipo silinda yake imamasuka mukangotsegula kachitseko, osakhudza hamala. Ngati ili ya masikuluu atatu, funsani ngati inakonzedwa. A Ruger amaika transfer bar m'mfuti zakalezo mwaulere nkukubwezerani tizitsulo take toyamba. Ngati sinakonzedwe, ndi ya zisanu ngati Colt.

Yoti mugule? Ya .22, mosakayika. Ndikudziwa kuti .45 ndi imene imakoma m'maso, mabowo ake aakulu ngati olowa chala. Koma bokosi limodzi la .45 Colt limadya ndalama zimene mukanagulira mabokosi angapo a .22, ndipo chimene chimaphunzitsa munthu kuwomba ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene wawomba mosamala. Chinanso, woyambira pa mfuti yaphokoso amatenga chizolowezi chotsinzina ndi kukankhira payipi pansi isanalire, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchichotsa. Ngati yakaleyo yakhala yotha, Ruger Wrangler imene inatuluka mu 2019 ndi yotsika mtengo ndipo ili ndi transfer bar. Tsiku limene mudzafune yokulirapo, ganizirani ya .357 Magnum, chifukwa imalandiranso .38 Special, zofatsa komanso zopezeka paliponse.

Mukaumirira pa Uberti, chonde mvetsani ichi. Pali zipolopolo za .45 Colt zodzazidwa onga wamphamvu, zolembedwa kuti ndi za Ruger zokha, kutanthauza Blackhawk ndi Vaquero yoyamba ya 1993, zimene fulemu yake ndi yaikulu. Zimalowa bwinobwino mu Uberti, mu Colt, ngakhale mu New Vaquero ya 2005 imene inachepetsedwa, koma makoma a silinda zimenezi ndi opyapyala. Elmer Keith, mkulu uja amene anathandiza kuti .44 Magnum ibadwe, anaphulitsapo Colt ya .45 m'zaka za m'ma 1920 chifukwa chodzaza mopyola, ndipo nchimene chinamusamutsira ku .44 Special. Gulani zolembedwa kuti cowboy loads kapena zanthawi zonse.

Pa kagwiridwe pali ziwiri. Chogwirira cha mfutizi chinapindika ngati cha pulawo ya ng'ombe, ndipo chinapangidwa kuti mfuti ikalira izigudubuka pang'ono m'dzanja, payipi nkukwera, hamala nkubwera pafupi ndi chala chachikulu. Musalimbane nayo. Ine kachala kakang'ono ndimakapinda pansi pa chogwirira. Chachiwiri, pakati pa silinda ndi payipi pali kampata kopyapyala ngati pepala, ndipo pamatuluka moto ndi tizidutswa ta mtovu cham'mbali. Chaka changa choyamba ndinatsamiritsa mfuti pa thumba la mchenga, chala cha kumanzere chitapitirira kutsogolo kwa silinda. Chinapsa nkuchita mzere wakuda, ndipo ululu wake ndinaumva sabata yathunthu. Inali .38 chabe. Ndi magnum anthu amavulala koopsa. Zomenya hamala ndi chikhatho mofulumira ngati m'mafilimu zisiyeni, zimawononga mkati mwa mfuti ndipo chipolopolo chimapita kumene simunafune. Zotseka m'makutu ndi magalasi musaiwale, ndipo mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanadye, chifukwa cha mtovu.

Tifike pa zosintha, pamene ndaona kuti mtima wanu uli. Langizo langa ndi lakuti chaka choyamba musasinthe kanthu kupatula chogwirira. Ndikunena izi chifukwa ndinawonongapo mfuti yabwino ndi manja angawa. Inkamenya m'munsi mwa chandamale, ndipo ndinawerenga kuti ukapala kachitsulo kolozera ka kumapeto kwa payipi, zipolopolo zimakwera. Zimenezo nzoona. Ndinatenga tupa Loweruka lina nkupala mpaka zinayamba kulowa pakati. Patapita miyezi itatu dzanja langa linakhazikika, ndinasiya kukankhira pansi, ndinasinthanso kuyamba zipolopolo zolemerapo, zimene mwachibadwa zimamenya m'mwamba. Mfuti ija inayamba kudutsa pamwamba pa chandamale ndi chikhatho chathunthu. Vuto silinali la mfuti, linali langa, ndipo chitsulo chimene wapala sichibwerera. Ndinalipira mmisiri kuti awotcherere china, ndipo mpaka lero pamaoneka chipsera. Ngati mudzapale, yambani mwasankha chipolopolo chimodzi chimene muzidzagwiritsa ntchito nthawi zonse, mupatsenso munthu wodziwa awombe kuti muone ngati nayenso ikumugwera pomwepo, kenako muzipala kawiri katatu nkuyesa.

Za tiriga ndikhwimitsa mawu. Chimene chimagwira hamala ikakokedwa ndi timano ting'onoting'ono ta chitsulo, ndipo kulakwitsa pang'ono pokha ndi mwala wonolera kumachititsa kuti hamala izigwa yokha mukangoikankha ndi chala. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti amene anazolowera mfuti zokoka hamala zimenezi, zotchedwa single-action, osati ya pa tebulo la kukhitchini mukuonera YouTube. Masipuling'i ofewa amagulitsidwa, inde, koma mukafewetsa kwambiri ya hamala, makamaka pa .22, zipolopolo zina sizilira. Nthawi zambiri mfuti imasalala yokha ikawomba mazana angapo nkumapukutidwa ndi kudzozedwa mafuta. Chimene mungagule lero ndi masikuludalaiva a mfuti, a nsonga yofanana makulidwe kuyambira pansi, chifukwa a m'galimoto amatafuna mitu ya masikuluu. Masikuluu a mfutizi amamasuka ndi kugwedezeka, komanso pini yaitali imene silinda imazungulirapo imatha kusuntha, ndiye muziziyang'ana mukamapukuta.

Mnyanga wa njovu ndiye ayi, achimwene, ndipo apa ndikulankhula ngati mwana wa ku Kasungu. Ndikudziwa kumene chilakolakocho chimachokera. Colt ya General George Patton, mkulu wa asilikali a America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inali ndi chogwirira cha mnyanga, ndipo zithunzi zake zimakopa. Koma kuyambira 2016 America inaletsa pafupifupi malonda onse a minyanga ya njovu za ku Africa, ndipo ma state ena monga California ndi New York ali ndi malamulo awo okhwima. Chaka chomwecho kwathu ku Mzuzu boma linatentha matani 2.6 a minyanga yolandidwa kwa ozembetsa. Nkhalango ya Kasungu inali ndi njovu zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50, mpaka mu 2022 anachita kusamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Munthu wochokera kumeneko sindingaike mnyanga m'dzanja langa chifukwa chofuna kukongoletsa mfuti. Ngati mukufuna choyera, pali micarta, yonga pulasitiki wolimba, pali fupa, pali mtengo wa holly, ndipo zimaoneka bwino kwambiri.

Changa ndinachisema ndekha ku kachidutswa ka mlombwa kochokera ku chitseko chakale cha nyumba ya malemu bambo anga. Ndinajambula pogwiritsa ntchito chogwirira choyamba, ndinacheka ndikusiya malo, kenako madzulo aliwonse ndinkapala ndi tupa ndi sandipepa, nditamata tepi pa chitsulo kuti ndisachikande. Zinanditengera milungu itatu. Nditadzoza mafuta a linseed, mizere yofiirira ija inatuluka, ndipo ndikaigwira mfutiyo ndimakumbuka khonde la kwathu. Mukagula chopangidwa kale, dziwani kuti cha Ruger sichilowa pa Uberti, ndipo ngakhale cholembedwa kuti ndi cha mtundu wanu chimafunabe kupala pang'ono. Choyambacho muchisunge. Ngati Ruger ija ili three-screw, musaipake utoto wina, chifukwa osonkhanitsa mfuti amaifuna momwe inatulukira.

Kunyumba ikhale yokhomedwa m'bokosi lachitsulo, yopanda chipolopolo, zipolopolo zili kwina, ndipo akunyumba mukambirane nawo musanabwere nayo. Ana amadziwa malo onse obisa zinthu. Za kuiika m'sutikesi popita kumudzi musaziganize nkomwe: kutulutsa mfuti mu America kumafuna chilolezo, ndipo ku Malawi kupezeka nayo popanda laisensi ya apolisi ndi nkhani ya kundende.

Fufuzani kalabu ya cowboy action, masewera owombera ndi mfuti za makawuboyi, imene ili pafupi nanu, mupite tsiku la mpikisano mukangoonerera, mutatenga magalasi ndi zotseka m'makutu. Kumeneko mukaona ma Ruger, ma Uberti ndi ma Pietta, enanso otengera Colt, ali m'manja mwa eni ake, ndipo mukafunsa mwaulemu ambiri amakuonetsani ndi mtima wonse. Mukabwerera ku shopu ija, muuze wogulitsa atsegule kachitseko nkumasula silinda, muizungulitse muone mabowo onse 6 kuti mulibe kanthu, kenako mujambule mbali zonse ziwiri za fulemu, mutaphimba nambala ya mfuti ndi chala. Tumizani chithunzicho pansi pa yankho lino, tiwerenge limodzi ngati ali masikuluu atatu kapena mapini awiri.