Kodi dziko la Malawi lituluke mu SADC ndi COMESA ngati mmene Britain inatulukira mu EU?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo ena omwe ali ndi golosale ku Chirimba. Mwachidule alemba motere: "Anzanga pamsika akuti Malawi ichite ngati Britain, ituluke mu SADC ndi COMESA. Akuti tikatero obwera omwe atilanda malonda adzabwerera kwawo, katundu wakunja adzasiya kupha wathu, ndipo dziko lidzakhala la Amalawi. Mlongo wanga yemwe amasamalira okalamba ku Manchester akuti ayi, kumeneko anthu akulira nazo. Ndimvere ndani?"

Zikomo bambo. Dandaulo la anzanuwo ndi lenileni, koma mankhwala omwe akufunawo si a matenda amenewa. Tiyambe ndi ku Britain komweko, chifukwa ambiri amangomva dzina loti Brexit, kutanthauza kutuluka kwa Britain mu EU, osadziwa kuti mkangano unagona pati.

Britain inalowa mumgwirizano wa maiko a ku Ulaya, womwe lero umatchedwa EU, mu 1973. Limodzi mwa malamulo akuluakulu a mgwirizanowu ndi lakuti nzika ya dziko lililonse lomwe ndi membala ikhoza kukakhala ndi kukagwira ntchito m'dziko linzake popanda viza. Zinthu zinasintha mu 2004, pamene maiko khumi analowa nthawi imodzi, ambiri a kum'mawa monga Poland ndi Lithuania. Germany ndi France anati anthu a maiko atsopanowa ayambe adikira kaye zaka zingapo. Britain, Ireland ndi Sweden anatsegula khomo tsiku lomwelo. Anthu anabwera ochuluka kuposa omwe boma linkayembekezera, nalowa ntchito za m'minda, zomangamanga, za m'mahotela ndi zoyendetsa mathiraki. M'matauni ang'onoang'ono eni nthaka anayamba kudandaula za nyumba, mizere ya kuchipatala ndi malipiro, ngati mmene akudandaulira anzanu ku Chirimbako.

Pa 23 Juni 2016 kunachitika riferendamu. Oti tituluke anapeza mavoti 51.9 pa 100 alionse, oti tikhalebe 48.1. England ndi Wales anasankha kutuluka, pomwe ku Scotland anthu 62 pa 100 anafuna kukhalabe, ku Northern Ireland pafupifupi 56. Choncho voti yomwe inkayenera kulimbitsa umodzi wa dziko inaonetsa poyera kuti m'dzikomo muli mitundu yoganiza mosiyana. M'mawa mwake nduna yaikulu David Cameron analengeza kuti atula pansi udindo, ndipo paundi inagwa kwambiri moti inafika pomwe inali isanafikepo chiyambire 1985. Kutuluka kwenikweni kunachitika pa 31 Januwale 2020, ndipo malamulo atsopano a malonda anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021. Zaka zinayi ndi theka zokambirana basi.

Apa ndi pomwe munthu wamalonda ngati inu muyenera kutchera khutu. Pangano lomwe Britain inagwirizana ndi EU mu Disembala 2020 likuti katundu azidutsa popanda msonkho wa pachipata. Pomva zimakoma. Koma msonkho umachoka pokhapokha ngati katunduyo anapangidwadi ku Britain, ndipo mwini wake ayenera kupereka umboni. Malaya osokedwa ku China, osungidwa m'nkhokwe ku England, akamapita kusitolo ya ku Dublin amalipira msonkho, pomwe kale ankangodutsa. Katundu aliyense tsopano amafuna fomu ya kasitomu. Nyama, nsomba ndi zamkaka zimafunanso satifiketi ya zaumoyo yosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena wogwira ntchito wovomerezeka, pa ulendo uliwonse. Kampani yaikulu imalemba anthu oti azingodzaza mapepalawa. Wogulitsa tchizi pang'onopang'ono, mtengo wa satifiketi umadya phindu lonse la katoni, ndiye ambiri otere anangosiya kutumiza ku Ulaya. Ofesi ya boma la Britain lomwelo yoona za bajeti, Office for Budget Responsibility, imawerengera kuti pakapita nthawi chuma chidzakhala chochepa ndi 4 pa 100 poyerekeza ndi mmene chikanakhalira, ndipo malonda ndi maiko akunja adzachepa ndi 15 pa 100. Kunena chilungamo, Covid-19 ndi nkhondo ya ku Ukraine zinabwera nthawi yomweyo, kotero si vuto lililonse la ku Britain lomwe tingalikolowekere pa Brexit. Koma la mapepala a pachipatali ndi lake ndithu.

Nanga obwera anachepa? Apa ndiye pali zodabwitsa. Kutangotsala mwezi kuti riferendamu ichitike, chiwerengero chomwe chinakwiyitsa anthu chinali 333,000, kutanthauza olowa m'dziko pachaka tikachotserapo otuluka. M'chaka chothera mu Juni 2023 chiwerengero chomwechi chinapitirira 900,000. A ku Poland ndi ku Romania anachepadi, koma okalamba sanasiye kukalamba, zipatala sizinasiye kufuna anamwino, ndipo mu Sepitembala 2021 malo omwetsera mafuta anauma kaamba ka kusowa kwa madalaivala a matanka. Mu Febuluwale 2022 boma linatsegula viza ya osamalira okalamba, ndipo anthu anakhamukira kumeneko kuchokera ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena. N'kutheka kuti mlongo wanu naye analowera khomo limeneli. Kenako boma linayambanso kutseka: kuyambira Malichi 2024 osamalira okalamba saloledwa kutenga mabanja awo, ndipo mu Julayi 2025 kulemba antchito atsopano a mtunduwu kuchokera kunja kunaimitsidwa. Ndiye ndingodutsamo: wina akakuuzani kuno ku Blantyre kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni viza yosamalira okalamba ku UK, gwirani thumba lanu.

Tsopano tibwere kwathu. Cholakwika chachikulu pa mfundo ya anzanu n'chakuti SADC (mgwirizano wa maiko a kum'mwera kwa Africa) ndi COMESA (mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa) si EU. Palibe mwa mabungwe awiriwa lomwe limapatsa mlendo ufulu wokhazikika kapena wotsegula shopu m'Malawi. Mzambia akhoza kulowa popanda viza kudzacheza, koma kuti agwire ntchito amafunika Temporary Employment Permit, ndipo kuti achite bizinesi amafunika Business Residence Permit. Zonsezi amapereka ndi a Immigration athu, motsata malamulo athu. Ulamuliro womwe a ku Britain ankati akufuna kuutenganso, ife tili nawo kale m'manja. Ngati sukugwira ntchito, tifunse omwe amasaina ziphasozo.

Omwe anthu amangowatchula kuti Maburundi, kaya achokera ku Burundi, Rwanda kapena DRC, ambiri analowa ngati othawa kwawo. Nkhani yawo ili pansi pa lamulo lathu la othawa kwawo la 1989 ndi pangano la United Nations la 1951, lomwe Malawi inasaina koma ikukana mbali zina, kuphatikizapo ufulu wogwira ntchito ndi wokhala paliponse. Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994, inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma imasunga opitirira 50,000. Mu 2023 boma linalamula kuti onse abwerere kukampu, ndipo apolisi ndi asilikali anatseka mashopu n'kuwanyamula. Zimenezi zinachitika tili membala wa SADC ndi COMESA yemwe. Titatuluka mawa, palibe ngakhale mmodzi yemwe angasamuke chifukwa cha kutulukako.

Chomwe chingasinthe ndi mtengo wa katundu wa mugolosale mwanu. Dziko lathu lilibe doko. Mafuta ndi feteleza zimabwera kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo katundu wambiri wa m'mashopu a ku Limbe amachokera ku South Africa kudutsa Zimbabwe ndi Tete n'kulowera pa Mwanza. Mozambique, Tanzania ndi South Africa ali mu SADC koma osati mu COMESA. Kenya ndi Egypt ali mu COMESA koma osati mu SADC. Zambia ndi Zimbabwe ali konsekonse ngati ife. Ndiye kukhala m'mabungwe awiri si umbombo, ndi mmene mapu anatikhalira. Shuga wa ku Nchalo, tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, soya ndi mtedza zimalowa m'misika yambiri ya m'chigawo chino popanda msonkho bola pakhale satifiketi yosonyeza kuti zinachokera ku Malawi. Amayi a geni odutsa pa Mchinji ali ndi njira yapafupi ya COMESA: katundu wosapitirira madola 2,000 yemwe ali pamndandanda wogwirizana amadutsa ndi fomu yaifupi, osafuna ejenti. Dalaivala wopita ku Lusaka kapena ku Harare amanyamula Yellow Card, inshuwalansi imodzi m'malo mogula yatsopano pa boda iliyonse. Ngakhale nthambo za magetsi zochokera ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya ku Balaka zinakonzedwa kuti zitilumikize ku Southern African Power Pool, mgwirizano wa SADC wogulitsana magetsi.

Sindikunena kuti titatuluka mathiraki angaime tsiku lomwelo. Tili ndi mapangano ena a maiko awiriawiri, monga la South Africa la 1990, ndipo MRA ingatolere msonkho pa katundu yemwe lero amalowa ulele. Koma msonkhowo amalipira ndi kasitomala wanu, ndipo ukakwera, ozembetsa katundu m'njira zamadulira za ku Muloza ndi ku Dedza ndi omwe amalemera. Ena anena kuti Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000 ndipo sinagwe. Zoona, koma iyo ili ndi doko lake, ndipo inakhalabe mu SADC ndi mu East African Community. Tinalawako pang'ono mu 2025: mu Malichi boma lathu linaletsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza alimi ndi ndalama zakunja, mu Epulo Tanzania inabwezera poletsa zokolola zathu n'kuopsezanso za feteleza wodutsa kwawo. Zinatha pokambirana, koma amalonda a pa Songwe anali ataluza kale. Komanso tisaiwale abale athu ali ku Joni. Kuyambira nthawi ya Wenela mpaka lero makomo ambiri a ku Mangochi ndi ku Mzimba akudya ndalama zochokera kumeneko. Zomwe tingachitire obwera kuno, nafenso ndife obwera kwina, ndipo ziwawa za 2008 ndi 2015 ku South Africa tikuzikumbuka.

Pa nkhani ya Umalawi anzanu ali ndi poyambira pabwino kuposa mmene akudziwira, chifukwa dziko lino linabadwa potuluka mumgwirizano. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akukana. Nyumba yake ya malamulo inali ku Salisbury (Harare wa lero), m'manja mwa azungu. Dr Banda atatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958 uthenga wake unali wothetsa chitaganyacho, anthu anafa pa 3 Malichi 1959, ndipo chinathadi pa 31 Disembala 1963. Mtengo wake unalipo: kwa zaka zingapo bajeti yathu inkathandizidwa ndi Britain. Makolo athu anavomera kulipira chifukwa ankagula ufulu wodzilamulira. Funso kwa anzanu ndi lakuti, potuluka mu SADC tikugula chiyani? SADC ilibe nyumba ya malamulo yotilamula, ndipo khoti lake linaimitsidwa atsogoleri atakwiya ndi zigamulo zake pa minda ya ku Zimbabwe. Ngati ili ndi vuto, ndi kufooka, osati nkhanza.

Ndipo Mmalawi weniweni ndi uti? Angoni anaoloka Zambezi mu 1835. Alomwe ambiri analowa kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, nagwira ntchito m'minda ya tiyi. Mafumu a Achewa amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'dziko la Zambia. Tinayesaponso kuyeretsa malonda: m'zaka za m'ma 1970 Amwenye anachotsedwa m'midzi n'kuuzidwa kuti azichita bizinesi m'mizinda yokha. Masitolo ambiri omwe anasiya sanatsegulidwenso, chifukwa owalandira analibe mpamba, ngongole kapena galimoto yokaodera.

Ndiye mumvere mlongo wanu, koma osataya dandaulo la anzanu. Lipititseni pamalo pake. Ngati mukukayikira kuti shopu ina ilibe chiphaso, nkhani ndi ya khonsolo ya mzinda, unduna wa zamalonda ndi a Immigration, ndipo mukapite ngati komiti ya pamsika ndi kalata yosainidwa, osati ndi miyala. Konzekerani kupeza kuti ziphaso zina zili m'maina a Amalawi anzathu omwe amabwereketsa dzina n'kumalandira kangachepe pamwezi. Katundu wachinyengo kapena wotha ntchito ndi wa Malawi Bureau of Standards. Kugwirizana mitengo mwamseri ndi kwa Competition and Fair Trading Commission. Koma ngati mnzanuyo mapepala ake ali bwino ndipo akungokuposani mtengo, yang'anani mmene amaodera. Nthawi zambiri amasonkha ndalama angapo, n'kugula mabelo ndi makatoni ambiri nthawi imodzi pamtengo wa pikulitsa, galimoto imodzi n'kugawana. Magolosale khumi a ku Chirimba akhoza kuchita chimodzimodzi ku Limbe, kuyambira pa shuga, sopo ndi mafuta ophikira, bola pakhale buku, msungichuma wosasainira yekha, ndi tsiku lokhazikika lowerengerana ndalama.