Kodi nafenso tidzakwera roketi?

Funso: Akulu, mwana wanga wa Fomu 3 akuti masiku ano makampani wamba akupanga okha injini za roketi, ndipo posachedwa anthu azikwera mlengalenga kukangoona malo. Ndi zoona zimenezi? Mayi wa ku Dedza.

Yankho: Mayi, mwanayo sakunama. Kampani ya SpaceX, imene Elon Musk anayambitsa mu 2002, imapanga injini zake zotchedwa Merlin. Zimayaka ndi parafini woyengeka bwino pamodzi ndi okosijeni wamadzimadzi, ndipo roketi ya Falcon 9 imanyamuka ndi injini 9 zotere. Mu Disembala 2015 chigawo chake chamunsi chinabwerera pansi n'kutera choimirira. Kale chigawochi chinkangotayika, ngati munthu wotaya minibasi itangoyenda ulendo umodzi. Kubwerera kwa chigawochi kunathandiza kuti mtengo wa maulendo a roketi utsike.

Koma pa mawu akuti "posachedwa" ndiye tiyeni tifatse. Mu Julaye 2021 Jeff Bezos anakwera roketi ya kampani yake ya Blue Origin, n'kupitirira makilomita 100 m'mwamba. Ulendo wonse unatha mphindi pafupifupi 10. Khumi basi, nsima isanapse! Chaka chomwecho kampani ina ya maulendo a mlengalenga, Virgin Galactic, inkagulitsa mpando umodzi pa madola 450,000. Ine nditamva mtengowo ndinangoti ndizionerabe pa wailesi yakanema.