Funsani Mmisiri: Khonde Latsopano pa Nyumba Yakale

Makalata ambiri omwe tikulandira m'nyengo ino ya chilimwe akukhudza kukonza kunja kwa nyumba, ndipo tasankhapo atatu omwe mayankho ake angathandizenso owerenga ena amene akufuna kumaliza ntchito mvula ya mu Novembala isanayambe.

FUNSO: Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre, yomwe malemu bambo anga anamanga ndi njerwa zootcha. Ilibe khonde, choncho mvula ikabwera ndi mphepo madzi amalowa pansi pa chitseko. Ndikufuna khonde la mamita awiri kutsogolo. Mmisiri wina akuti angolumikiza matabwa kudenga lakale n'kukhoma malata, ntchito n'kutha. Kodi ndivomere? (Bambo wa ku Chilomoni)

YANKHO: Musafulumire kuvomera, bambo, chifukwa zomwe mmisiriyo wanena ndi gawo lomaliza la ntchitoyo, osati chiyambi chake. Choyamba tengani tepi muyeze kutalika kwa khoma kuchokera pansi kufika pomwe denga lakale lathera. Nyumba zambiri zakale n'zazifupi, ndipo denga la khonde likangopitirizidwa kuchokera m'munsi mwa malata akale, limatsika mpaka munthu wamtali amachita kuwerama polowa. Pofuna kuthawa vuto limeneli amisiri ena amagoneka denga la khonde pafupifupi chathyathyathya, ndipo zotsatira zake n'zakuti madzi sathamanga, amabwerera m'mbuyo kudzera pomwe malata akumanirana, n'kumadonthera pakhomo pomwe mumafuna kutetezapo. Kumapeto kwa khonde kutsale mpata wosachepera mamita 2.1 kuchokera pansi. Ngati mukugwiritsa ntchito malata a mizere wamba, denga litsike masentimita osachepera 20 pa mita iliyonse, kutanthauza masentimita 40 pa khonde lanu la mamita awiri. Malata a IBR, chifukwa ngalande zake n'zakuya, amalola denga logonako, koma nalonso lisachepere masentimita 10 pa mita. Masamu amenewa akakana, ndi bwino kutsitsa pansi pa khonde ndi sitepe imodzi, kapena kuchotsa mzere woyamba wa malata akale kuti denga la khonde liyambire chakumtunda, kusiyana n'kugoneka dengalo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri, ndi nkhani ya mphepo. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya nsanamira ndi kunyamula denga kuti lisagwe basi. Pakhonde ntchito yake yaikulu ndi kuligwira kuti lisauluke. Khonde ndi lotsekuka mbali zitatu, mphepo imalowa pansi pake n'kulikankhira m'mwamba monga momwe imatembenuzira ambulera, ndipo ngati matabwa ake akhomeredwa kudenga lakale, khonde likasasuka limakoka denga la nyumba yonse. Amene anaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 m'chigawo cha kummwera akudziwa mphamvu yomwe ndikunena, koma ngakhale mphepo ya mkuntho yobwera ndi mvula yoyamba imasasula madenga a nyumba, sukulu ndi matchalitchi chaka ndi chaka. Choncho nsanamira iliyonse ikhale ndi maziko akeake a konkire, okumbidwa mpaka pa dothi lolimba. Ikakhala ya njerwa kapena mabuloko, pakati pake padutse chitsulo chochokera m'maziko mpaka pamwamba, ndipo mtanda wonyamula denga umangiriridwe ku chitsulocho ndi bawuti. Nsanamira ya njerwa zongosanjikiza, mtanda n'kungoukhazika pamwamba, n'njokongoletsa chabe. Ikakhala paipi yachitsulo, phazi lake lizikike m'konkire. Thabwa lililonse la denga limangidwe ku mtanda ndi chitsulo chopyapyala chija amati hoop iron, chifukwa msomali wokhomedwa chopendekera umazuka mosavuta mphepo ikakoka.

Pansi pa khonde pakhale potsikirapo pang'ono poyerekeza ndi m'nyumba, ndipo papendekere kunja ndi sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Simenti yatsopano ndi khoma lakale sizikhazikika mofanana, kotero mng'alu waung'ono pomwe zakumanirana usakudabwitseni. Mmisiri wodziwa ntchito amasiyiratu kampata kowongoka pamenepo n'kukatseka ndi phula.

Popeza nyumba yanu ili mumzinda, musanakumbe kalikonse pitani ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi pulani ya zomwe mukufuna kuwonjezera. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna chilolezo pa zomangamanga zotere, ndipo khonde lolowerera m'malire a msewu kapena lomangidwa pamwamba pa paipi ya madzi likhoza kugwetsedwa mutawononga kale ndalama zanu.

FUNSO: Denga lathu ku Nkhotakota lachita dzimbiri ndipo likudontha m'zipinda ziwiri. Amuna anga akuti tingolipaka penti, ine ndikuti tigule malata atsopano. M'sitolo akutionetsa a geji 28, 30 ndi 32, ndipo a 32 ndi otchipa. Tichite chiyani? (Mayi wa ku Nkhotakota)

YANKHO: Mayi, nonse awiri mukhoza kukhala kuti mukulondola, malingana ndi momwe dzimbirilo ladyera. Tumani munthu akwere m'siling'i masana dzuwa lili pamutu. Ngati kuwala kukungolowera pa mabowo a misomali, malatawo akadali ndi moyo: akwecheni ndi burashi ya waya, pakani penti wofiira woletsa dzimbiri, kenako penti wa padenga, ndipo misomali yomwe yakwera muisinthe ndi ina yokhala ndi kalabala pansi pa mutu wake. Koma ngati kuwala kukuoneka ngati timadontho tambirimbiri m'ngalande za lata, kapena pomwe malata akumanirana pakufumbutuka mukakanda, penti sangathandize ndipo ndalama yake ingolowa m'madzi.

Pa za geji, nambala ikamakula lata limapyapyala. Lata la 32 ndi lopyapyala kwambiri, limabowoka msanga, limapindika munthu akaliponda, ndiponso mphepo ikakoka limang'ambikira pa msomali. Ine pa nyumba yogonamo anthu ndimalangiza geji 28, ndipo ndalama zikavuta 30, koma 32 ndimaisiyira khola kapena kashedi kongoyembekezera. Musangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Onani zomwe zadindidwa palata, ndipo funsani ngati katunduyo ndi wovomerezeka ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Malata akale akachoka, imeneyo ndiyo nthawi yokhayo yomwe mudzaone matabwa onse poyera, choncho musalole kalipentala akhome atsopano tsiku lomwelo musanayendere thabwa lililonse. Libayeni ndi msomali. Likabooka mosavuta, ndiye kuti chiswe kapena chinyontho chalidya ndipo lichotsedwe. Matabwa a paini, monga aja ochokera ku Chikangawa, ndi abwino padenga, koma chiswe chimawakonda, motero apakidwe mankhwala asanakwezedwe, makamaka kumapeto komwe macheka adutsa. Akhalenso ouma, chifukwa thabwa laliwisi limapindika likamauma padenga n'kumazula misomali. Pokhoma, msomali ulowe pamsana pa mzere wa lata, osati m'ngalande momwe mumadutsa madzi. Malata a mizere apitirirane ndi mzere umodzi ndi theka m'mbali, komanso masentimita osachepera 15 chotsika, ndipo misomali ichuluke m'mphepete ndi pamsonga pa denga, pomwe mphepo imayambira kukanula. Kwa owerenga amene nyumba zawo zakale zili ndi denga la asbestos, chonde musaliphwanye, kulicheka kapena kulikwecha lili louma, chifukwa fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo omwe amaonekera patapita zaka zambiri.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Cape Town ndipo ndikukonzetsa nyumba ya amayi anga ku Mangochi. Khoma lake la kunja likusuwa ndipo pulasitala akugwa cha m'munsi. Kuno ndimaona nyumba zokutidwa ndi mabodi a simenti otchedwa Nutec, zooneka bwino kwambiri. Kodi ndingakute nawo khoma la kumudzi kuti ndibise zowonongekazo? (Mnyamata wa ku Mangochi, wokhala ku Cape Town)

YANKHO: Mwachita bwino kukumbukira amayi, achimwene, koma maganizo obisawo ndikukuletsani. Nyumba zomwe mukuzionazo zimakhala za mafelemu a matabwa kapena zitsulo, ndipo mabodiwo ndiwo khoma lenileni loteteza ku mvula. N'chimodzimodzinso nyumba zambiri za ku America zomwe zimakutidwa ndi timatabwa kapena pulasitiki. Khoma la njerwa silisowa chovala chotero. Kuti mabodi agwire pa njerwa pamafunika kukhomerapo timatabwa, ndipo mpata wotsala kumbuyoko umasanduka njira ya chiswe ndi makoswe yomwe palibe angaione mpaka chiswecho chitafika kudenga.

Pulasitala akamagwa cha m'munsi ndiye kuti khomalo likumwa madzi, ndipo madziwo ali ndi magwero awiri. Ena amagwa kuchokera kudenga lalifupi n'kumathovukira pakhoma. Ena amakwera kuchokera m'nthaka ngati pomanga sanaike pepala lakuda la pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma, ndipo chizindikiro chake ndi timchere toyera tomwe timatuluka panjerwa. Uzani mmisiri wanu ayambe ndi kuchotsa madziwo. Malata atuluke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposerapo, dothi lomwe launjikana m'mbali mwa khoma lichotsedwe, ndipo kuzungulira nyumba kuikidwe kakhonde kakang'ono ka simenti kopendekera kunja, kothera m'ngalande yopititsa madzi kutali. Akatero agwetse pulasitala yense amene akulira ngati mulibe kanthu m'kati akamugogoda, n'kulisiya khomalo liume milungu ingapo.

Funsaninso amayi ngati nyumbayo inamangidwa ndi njerwa zootcha kapena zidina, komanso ngati anamangira simenti kapena dothi, pakuti yankho lake limasintha kasakanizidwe. Pa njerwa zootcha, muyezo umodzi wa simenti ku miyezo isanu kapena isanu ndi umodzi ya mchenga wosefa bwino ndi wokwanira, ndipo pulasitalayo azithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka kotentha ngati ku Mangochi komwe amauma msanga n'kung'aluka. Pa zidina, pulasitala wa simenti yambiri sagwirana ndi dothi, amadzamatuka zigamba zikuluzikulu, choncho pamafunika kukhomera kaye waya wa khola la nkhuku kapena kusakaniza ndi laimu kuti khoma lizitha kutulutsa chinyontho. Penti adikire pafupifupi milungu inayi. Ngati mukufunabe kuti nyumbayo ioneke mosiyana ndi zina, matani miyala yosema kapena yaphanthiphanthi kuyambira pansi mpaka m'chiuno, pomwe madzi amathovukira, ndipo kumtunda mupake penti wa panja. Popeza muli kutali, tumizani ndalama m'zigawo, ndipo gawo lililonse lizituluka mukaona zithunzi zosonyeza kuti ntchito ya ngalande ndi denga yathadi.