Funsani a Zaumoyo: Mayi anga akuonda, koma kuchipatala sakupeza matenda

Funso: Mayi anga ali ndi zaka 71. Chimwalirireni bambo chaka chatha sakudya, akuonda, usiku sagona, ndipo amangodandaula mutu ndi msana. BP yawo yakweranso. Kuchipatala anayeza malungo, shuga ndi magazi, osapeza kanthu. Abale ena akuti ndi ukalamba, ena akuti alodzedwa. Titani? — Wowerenga wa ku Ntcheu

Yankho: Zizindikirozi zikufanana kwambiri ndi matenda a maganizo otchedwa depression. Wachikulire sakonda kunena kuti wakhumudwa. Amati thupi likuphwanya, mutu ukulemera, nsima sikulowa. Ululuwo ndi weniweni, mayiwo sakunamizira.

Nkhawa ikakhalitsa miyezi, thupi limatulutsa mahomoni (timadzi tolamulira ntchito za m'thupi) a cortisol ndi adrenaline mopitirira muyeso. Mtima umagunda mofulumira, mitsempha imathina, BP ndi shuga zimakwera, chitetezo cha m'thupi chimafooka moti chilonda chimachedwa kupola. Komanso munthu wotaya mtima amaleka kumwa mankhwala osauza aliyense. Lero lomwe werengani mapiritsi a BP otsala m'kapepala, muyerekeze ndi tsiku limene analandira. Choopsa kwambiri pa msinkhu uwu ndi kusadya ndi kungogona pamphasa: minofu ya m'miyendo imatha msanga, kenako munthu amagwa popita kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Bwererani nawo kuchipatala cha boma, mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Fotokozani za maliro, tulo ndi kadyedwe, chifukwa mukangotchula msana adzabwerera ndi panado. Chisoni cha maliro si matenda, koma kusasangalala ndi chilichonse tsiku ndi tsiku, kudziona wopanda ntchito ndi kuonda kumene kukupitirira n'zofunika chithandizo. Popeza akuonda, awayezenso TB, HIV ndi chithokomiro, ndipo sikelo yawo izilembedwa m'buku la kuchipatala ulendo uliwonse.

Mankhwala a depression opezeka kwambiri ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Kwa okalamba amitriptyline amafuna kusamala: amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa, amatseka mkodzo ndipo amachititsa chizungulire podzuka. Fluoxetine akaphatikizidwa ndi aspirin, ibuprofen kapena diclofenac angatayitse magazi m'mimba, choncho onetsani dokotala mankhwala onse, ngakhale ogula pa golosale. Kusintha kumaoneka pakadutsa masabata 4 mpaka 6. Ambiri amasiya msanga poganiza kuti sakugwira ntchito. Akachira apitirizebe kwa miyezi 6 kapena kuposerapo.

Kunyumba, apatseni chakudya chochepa kasanu pa tsiku, monga phala la nsinjiro, dzira, mkaka, usipa ndi nthochi, ndipo asadye okha. Ayambe kuyenda mphindi 10 m'mawa, muziwonjezera mpaka mphindi 30. Musawalande ntchito zonse powachitira chifundo. Nkhuku, kadimba ndi misonkhano ya amayi kutchalitchi zibwerere m'manja mwawo. Kucheza kochita kukonza kumathandizadi: ku Zimbabwe, pologalamu ya Friendship Bench yomwe anayambitsa Dr Dixon Chibanda imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi ndi wovutika maganizo n'kumasula naye vuto limodzi limodzi.

Akamanena kuti "bola ndingotsatira bambo anu", afunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Akavomera, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumba, musawasiye okha, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso: Agogo anga aamuna ayamba kuiwalaiwala atadwala sitiroko. Kodi ubongo wawonongeka basi? — Wowerenga wa ku Chipata

Yankho: N'kutheka, koma musafulumire. Pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu alionse odwala sitiroko amadwalanso depression, ndipo nayo imaiwalitsa. Wa depression amadandaula yekha za kuiwalako ndipo amakonda kuyankha kuti "kaya". Wa dementia, matenda a ubongo oiwalitsa, kawirikawiri sazindikira kuti akuiwala, ndipo vutolo limakula pang'onopang'ono. Ngati asokonezeka mwadzidzidzi m'masiku ochepa, ganizirani malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo akaonedwe lero.