Tifunseni: Kodi chindoko chinabwera ndi a ku Joni?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndili ku Nkhotakota kuno cha ku Linga. Malemu agogo anga aamuna ankakonda kunena kuti chindoko ndi chinzonono zinabwera ndi anthu a ku Joni, ati kale kunalibe. Koma iwo omwewo anali ndi zipsera m'miyendo ndipo ankati anabayidwa jekeseni ya chindoko ali ndi zaka 8. Mwana wa zaka 8 chindoko bwanji? Nanga atsamunda ankatani nawo matendawa?
Mdzukulu, Linga

YANKHO: Achimwene, agogo musawaganizire zoipa. Nzoona mwana atha kubadwa nacho chindoko kuchokera kwa mayi, koma zilonda za m'miyendo pa msinkhu umenewo, kunyanja kotentha ngati kwanuko, ine ndikukayikira matenda ena aja azungu amati yaws. Amenewo sadzera m'kugonana ayi, ana amapatsirana pongokhudzana khungu, kugwetsana pamchenga, kugona mphasa imodzi basi. Vuto nlakuti kachilombo kake ndi pachibale ndi ka chindoko, moti ngakhale kuyeza magazi kwa Wassermann komwe kunabwera mu 1906 sikunkasiyanitsa, nde dokotala akaona chilonda pa munthu wakuda ankathamangira kulemba chindoko. Ku Uganda mu 1908 Colonel Lambkin analemba lipoti loti chindoko chitha mtundu wa Abaganda, amishoni nkuyamba kulalikira za chiwerewere usiku ndi usana, patapita zaka akatswiri nkumadzaona kuti ambiri mwa odwala aja sanatengere m'kugonana nkomwe.

Jekeseni ija ndikuidziwa nkhani yake. Poyamba mankhwala anali mercury, oopsa, ogwedeza mano. Mu 1910 Paul Ehrlich wa ku Germany anatulutsa Salvarsan, koma anali odula komanso ofuna kubayidwa kambirimbiri, nde m'zaka za m'ma 1920 maboma a atsamunda anakonda bismuth poti ngotchipa. Pa yaws jekeseni imodzi kapena ziwiri zilonda zinkauma anthu akuona ndi maso, mwina mpomwe chikondi chathu cha jekeseni chinayambira (mpaka lero agogo ena mukawapatsa mapilitsi okha amati sanathandizidwe). Koma pa chindoko chenicheni kubaya kawiri kunkangobisa zizindikiro, munthu nkubwerera kumudzi akuyesa wachira. Penisilini anadzayamba kuchiza chindoko mu 1943.

Za ku Joni agogo sananame kwenikweni, anangosiya theka. Nkhotakota inali kale njira ya amalonda a Jumbe, zombo kuwoloka nyanja, anthu kuyenda mpaka ku Kilwa kugombe la Tanzania, atsamunda asanalengeze ulamuliro wawo mu 1891. Chomwe atsamunda anawonjezera ndi msonkho wa nyumba, womwe unkatulutsa amuna m'midzi kupita ku Wenela, ku Salisbury (lero Harare), kumigodi, kukakhala m'makomponi zaka popanda akazi awo, ena nkusanduka matchona. Komiti ya boma la Nyasaland ya 1935 yoona za anthu opita kunja inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Chaka chomwecho njanji inafika ku Salima, ulendo wakumwera nkuphwekerako. Boma lomwe linkadandaula za matendalo ndi lomwenso linkadya msonkho wa anthu omwewo.

Chimene chimandiwawa ine ndi momwe ankachitira ndi azimayi. Ku Britain komwe malamulo ogwira akazi nkuwayeza mokakamiza, a Contagious Diseases Acts, anathetsedwa mu 1886 anthu ngati Josephine Butler atalimbana nawo. Koma ku Southern Rhodesia (lero Zimbabwe), komwe abale athu ambiri ankagwira ntchito, akazi akuda osakwatiwa olowa m'tauni ankawayezabe kumaliseche mokakamiza, eni ake ankati chibeura, kutanthauza kutsegulidwa. Nkhawa ya bwana inali pa msilikali ndi wapamgodi kuti asagone pansi ntchito nkuima, pomwe mayi wakumudzi yemwe mimba zikungochoka chifukwa cha chindoko chomwecho ankadalira chipatala cha mishoni ngati chili pafupi, apo ayi kwa asing'anga.

Ngati alipo achemwali awo a agogo kapena anzawo a msinkhu umenewo, kawafunseni kuti tsiku la jekeseni lija pamzere panali ana angati. Akakuuzani kuti unali mudzi wonse wa ana, ndiye kuti inali yaws.